Pedulo ya buleki ndi yolimba ngati njerwa koma galimoto sikuima: kodi vuto ndi master cylinder?

Nyundo_Leeds

Moni akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene mumawadziwa bwino mabuleki. Ndikumanga kit car, galimoto yodzimangira wekha, ya mtundu wa Seven kuno ku England, ija ya mipando iwiri yopanda denga, ndipo zakumiyendo zambiri ndinazichotsa pa Ford Sierra yakale. Galimoto yatsala pang'ono kutha, injini ikulira bwino, koma mabuleki akundisowetsa mtendere ndipo sindikufuna kupita nayo ku mayeso a IVA, amene boma limayesera galimoto zodzimangira zisanaloledwe mumsewu, ili chonchi.

Zomwe zilipo ndi izi. Master cylinder, silinda imene pedulo imakankha kuti mafuta a buleki apite ku matayala, ndi ya Sierra yomweyo, ya 22.2mm, koma ndaimanga molunjika ku pedulo popanda servo, chida chothandiza mwendo kukankha buleki, chifukwa malo oika servo mulibe. Kutsogolo kuli ma caliper (ofinya mapadi pa disiki) a Sierra a pisitoni imodzi ya 54mm ndi madisiki a 240mm. Kumbuyo ndi madiramu a mainchesi 9. Mapaipi onse ndi atsopano, a kunifer a 3/16, mahosi ndi a braided, mafuta ndi DOT 4. Matayala ndi 195/50 R15. Galimoto imalemera pafupifupi 600kg mulibe munthu.

Pedulo ili pamwamba, imayenda ngati 25mm yokha kenako n'kulimba gwa. Koma ndikamayesa pabwalo lotsekedwa, ngakhale ndiponde mpaka msana kukanikizika pampando, galimoto imangochepetsa liwiro mwaulesi, matayala sakuloka ngakhale pang'ono. Ndabulida katatu, mpweya sukutulukanso. Wina wandiuza kuti ndigule master cylinder yaikulu ya 25.4mm kuti izikankha mafuta ambiri. Ndisanataye ndalama, kodi zimenezi ndi zoona?

Sipanala17

Achimwene, ya 25.4mm ija musagule. Ikuipitsirani zinthu, ndipo ndikufuna muone chifukwa chake ndi manambala, kuti wina asadzakusokonezeninso.

Choyamba siyanitsani matenda awiri amene anthu amawatcha dzina limodzi loti mabuleki ofooka. Pali pedulo yofewa, yomira pansi, yomwe imakwera mukaipopa kawiri katatu. Imeneyo ndi mpweya m'mapaipi, mashuzi otalikirana ndi diramu, kapena mafuta othawira penapake. Ndiye pali pedulo yolimba, ya pamwamba, koma galimoto osaima. Imeneyo ndi yanuyo, ndipo kubulida sikuchiza. Mafuta akufika ku ma caliper bwinobwino, chomwe chikuperewera ndi presha, kapena mapadi sakuluma disiki, kapena zonse ziwiri.

Chimene chimafinya mapadi pa disiki si kuchuluka kwa mafuta ayi, ndi presha. Presha ndi mphamvu imene ikukankha pisitoni ya master cylinder, kugawa ndi kukula kwa nkhope ya pisitoniyo. Nkhope ikakula, mphamvu ya mwendo wanu imamwazikana pamalo aakulu ndipo presha imatsika. N'chimodzimodzi msomali: wosongoka umalowa m'thabwa, wobuntha umakana, nyundo ili yomweyo.

Nkhope za masaizi amene amapezeka kawirikawiri ndi izi: ya 25.4mm ndi 507mm², ya 22.2mm ndi 387mm², ya 20.6mm ndi 333mm², ya 19.05mm ndi 285mm². Taonani kuti kuchoka pa 22.2 kutsika pa 19.05 ndi mamilimita atatu okha pa vernier, koma presha imakwera ndi 36 peresenti mwendo uli womwewo. Kukwera pa 25.4 kumakulandani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a presha imene muli nayo panopa, imene ndi yoperewera kale.

Gwero la vuto lanu ndi servo imene mwaichotsa. Ford anasankha 22.2mm akudziwa kuti pakati pa pedulo ndi master cylinder pali servo yochulukitsa mphamvu ya mwendo kawiri kapena katatu. Inu mwachotsa mthandiziyo koma katundu mwasiya yemweyo. Chimene chimapulumutsa ambiri omanga ma Seven ndi choti galimoto yawo imalemera pafupifupi theka la Sierra, ndiye ambiri amayenda ndi master cylinder imeneyi popanda servo ndipo amaima, ngakhale pedulo imakhala yolemera. Ngati yanu ikukanika kuloka matayala ngakhale mutaponda ndi mphamvu zonse, pali chinanso chimene chikudya mphamvu yanu, ndipo ndikukayikira pedulo yeniyeniyo.

Tengani tepi muyeze zinthu ziwiri. Kuchokera pakati pa pini imene pedulo imazungulirapo kufika pakati pa malo opondapo phazi. Kenako kuchokera pakati pa pini yomweyo kufika pakati pa pini imene yagwira pushrod, kandodo kokankha pisitoni ya master cylinder. Mugawe yoyamba ndi yachiwiri. Pedulo yopangidwira servo imakhala pakati pa 3 ndi 4, pamene yopanda servo imafuna 5 mpaka 6. Mutiuzenso mtundu wa mapadi, zilembo ziwiri zimene zalembedwa m'mbali kapena kumsana kwake, ndi mmene nkhope yake ikuonekera mukawatulutsa.

Nyundo_Leeds

Zikomo kwambiri a Sipanala17, ya 25.4 ndaisiya. Ndayeza: kuchokera pa pini kufika popondera ndi 210mm, kufika pa pushrod ndi 60mm. Ndiye kuti ndi 3.5. Mapadi ndi otchipa a wamba, alembedwa EE. Ndawatulutsa, nkhope yake ikunyezimira ngati galasi, ndipo akhudza disiki chapakati pokha, m'mphepete mukadali mwatsopano. Madisiki ndi akale a pa Sierra, ndinangowachotsa dzimbiri ndi burashi ya waya. Handibuleki imakwera mano asanu ndi anayi isanagwire.

Sipanala17

Basi, zaoneka. Tiyeni tiwerengere limodzi.

Tiyerekeze mwaponda ndi 40kg, imene ndi pafupifupi 400N. Kumeneko ndi kuponda kwamphamvu ndithu mumsewu. Kuchulukitsa ndi 3.5 tipeza 1400N pa pushrod. Kugawa ndi 387mm² tipeza 3.6N pa mm² iliyonse, kutanthauza 36 bar. Mwachidule, kilogalamu iliyonse ya mwendo wanu ikubala 0.9 bar yokha.

Nanga galimoto ikufuna zingati? Inu mutakwera ifika ngati 680kg. Kuti matayala afike poti aloke pa phula louma, pakufunika mphamvu yoimitsa pafupifupi yofanana ndi kulemera kwa galimotoyo, ngati 6700N. Pobuleka kulemera kumathamangira kutsogolo, ndiye tinene kuti kutsogolo kunyamula 65 peresenti, imene ndi pafupifupi 2170N pa tayala lililonse. Tayala la 195/50 R15 kuchokera pakati kufika pansi ndi ngati 280mm, choncho disiki iliyonse ikuyenera kugwidwa ndi mphamvu yopotokola ya pafupifupi 610Nm. Pisitoni ya 54mm ili ndi nkhope ya 2290mm², ndipo pa disiki ya 240mm mapadi amagwira ngati 95mm kuchokera pakati.

Apa ndi pamene zilembo zija zikulowa. E amatanthauza kuluma kwa pakati pa 0.25 ndi 0.35, F ndi 0.35 mpaka 0.45, G ndi 0.45 mpaka 0.55. Chilembo choyamba ndi padi isanatenthe kwambiri, chachiwiri ndi itatentha. Mukaika 0.4 m'masamu athuwa, kutsogolo kukufuna 35 bar. Mukaika 0.3, kukufuna 47 bar, imene pa pedulo yanu ndi 52kg. Mapadi anu onyezimirawo, okhudza pakati pokha, mwina ali pa 0.25 kapena kutsikirapo: 56 bar, 62kg. Onjezerani zotayika pa masipuling'i, masilo ndi mapini, mukupezeka mukufuna chakuma 70kg ndi mwendo umodzi mutakhala chogona m'kampando ka Seven. N'chifukwa chake msana ukukanikizika matayala osaloka.

Njira zokonzera presha ndi ziwiri ndipo zimafika pafupifupi pamodzi. Mukasuntha pini ya pushrod kuchoka pa 60mm kufika pa 42mm, pedulo ikhala 5, ndipo ndi master cylinder yomweyo mupeza 52 bar pa 40kg. Mukasiya pedulo mmene ilili n'kuika ya 19.05mm, mupeza 49 bar. Ndi mapadi abwino a FF, njira iliyonse ikupatsani kuloka kwa matayala pa 27 mpaka 29kg. Pa galimoto yopanda servo kumeneko ndi pabwino: mwendo umamva zimene matayala akuchita, osati kuloka mwadzidzidzi.

Mukachita zonse ziwiri mupeza 70 bar pa 40kg, matayala aziloka pa 20kg yokha, koma pedulo iyenda pafupifupi kawiri kuposa panopa, kuchoka pa 25mm kufika chakuma 48mm, ndipo imveka yofewa. Palibe chaulere apa. Mphamvu iliyonse imene mwapepukitsa mwendo mumailipira ndi mtunda wa pedulo. Ine ndinganene kuti sankhani imodzi, muyendetse, muone.

Ngati mwasankha kuboola pedulo, kumbukirani kuti master cylinder nayo iyenera kusuntha ndi 18mm yomweyo kuti pushrod izilowa molunjika. Ikamalowa mopendekeka imakankhira pisitoni kukhoma limodzi, imadya bowo la silinda ndipo silo imayamba kudontha msanga. Cholinga n'choti pushrod ipange ngodya ya madigiri 90 ndi mzere wa mapini awiri aja pamene pedulo ili pakati pa ulendo wake. Bowo latsopanolo lisayandikane ndi lakale mpaka kusiya kachitsulo kopyapyala pakati. Ngati ayandikana, tsekani lakale ndi weld, muwotchererepo mbale zolimbitsa mbali zonse ziwiri, kenako muboole. Munthu akadzidzimuka amatha kuponda kupitirira 100kg, ndipo pa pedulo ya 5 pini imeneyo imalandira theka la tani.

MayiWaGalaja

A Nyundo, masamu a Sipanala17 ndi olondola, koma ndikupemphani musayambe ndi drill kapena kugula silinda. Yambani ndi pamene buleki imagwirira, chifukwa mukakweza presha pa mapadi owonongeka mudzangobisa vuto.

Madisiki amene mwawapala ndi burashi ya wayawo ndi amene akuchititsa kuti padi ikhudze pakati pokha. Disiki yakale imadyeka mosafanana, imasiya mlomo m'mphepete ndi timizere tozungulira. Pitani ndi chikhadabo kuchokera mkati kupita kunja, mumva chikukodwa. Padi yatsopano ndi yosalala, ndiye imakhala pamwamba pa timapiri timeneto, malo ochepawo amatentha kwambiri, utomoni womanga padi umasungunuka n'kuuma ngati galasi. Kunyezimira mwakuonako ndi kumeneko. Madisiki a Sierra a 240mm si okwera mtengo, gulani atsopano awiri. Asanalowe muwatsuke ndi brake cleaner kuchotsa mafuta oteteza dzimbiri, ndipo nkhope ya habu muipale mpaka chitsulo chiwale. Kadzimbiri kakang'ono kotsalira pakati pa habu ndi disiki kamapangitsa disiki kuvina. Mukamanga, yezani ndi dial gauge chakumphepete: kuvinako kusapitirire 0.1mm.

Pa mapadi, samalani ndi mbali inayo. Ena akaona kuti galimoto ndi yothamanga amagula mapadi a mpikisano, amene amafuna kutentha kwambiri kuti ayambe kuluma. Galimoto ya 600kg mumsewu wamba siwatenthetsa mokwanira, ndiye pa kona yoyamba m'mawa mumapeza buleki palibe. Fufuzani oluma akadali ozizira. Mintex M1144 ndi amodzi mwa amene eni ma kit car opepuka amakonda pa chifukwa chimenechi, komanso mapadi abwino wamba olembedwa FF amagwira ntchito.

Mapadi atsopano amafuna kuwazoloweretsa ndi disiki. Pamalo otetezeka, fikani pa mamailosi 50 pa ola, mupondereze mwamphamvu koma osaloka, kutsika kufika pa 10, musaime, mukwezenso liwiro. Chitani kasanu ndi katatu kapena kakhumi motsatizana. Mumva fungo, nthawi zina kautsi pang'ono, zimenezo n'zabwinobwino. Kenako yendani mphindi zingapo osagwira buleki kuti zizizire. Chachikulu n'choti musaime phazi lili pa pedulo madisiki akadali otentha, chifukwa padi imasiya chidindo chake pa disiki ndipo pambuyo pake buleki imanjenjemera. Mukamaliza, disiki ioneke yotuwira mofanana kuchokera mkati mpaka kunja.

Ma caliper a Sierra ndi otsetsereka: pisitoni imakankha padi yamkati, ndipo thupi la caliper limakokera yakunja. Masamu aja akuyembekezera kuti mapadi onse awiri akufinya mofanana. Mapini otsetserekera akauma kapena akalowa penti, padi yakunja imangokhudza, ndipo mwataya gawo lalikulu la buleki. Chotsani mapadi, mugwire caliper ndi dzanja, iziyenda uku ndi uku mosavuta. Pakani girizi ya silicone kapena red rubber grease. Girizi wamba wa maberingi amatupitsa labala. Onaninso kuti makutu a mapadi akuyenda momasuka m'mipata yake, pakuti penti ya pa carrier imatha kuwamanga.

Tsopano kumbuyo. Handibuleki ya mano asanu ndi anayi ikusonyeza kuti mashuzi ali kutali ndi diramu. Musathamangire kukoka chingwe. Chimasuleni kaye, mutsegule madiramu, muone ngati zosinthira zokha zija zikuyenda, chifukwa pa zida zokhalitsa zimauma ndi fumbi. Onani kuti shu yotsogola ndi yotsatira zili m'malo ake mbali zonse, ndiponso kuti mapisitoni onse awiri a wheel cylinder akutuluka. Wina aponde pang'onopang'ono diramu imodzi itachotsedwa, inu mutagwira mashuzi ndi ma screwdriver awiri kuti pisitoni isatumphe. Pisitoni imodzi yomatirira ndi yofala kwambiri pa zida zochokera ku galimoto imene inakhala zaka osayenda. Mukatukula kalabala koteteza fumbi n'kupeza chinyezi, sinthani silindayo. Mashuzi akafika pafupi ndi diramu ndi pamene mukonze chingwe. Gawo limodzi mwa atatu a ntchito yoimitsa galimotoyi ndi lakumbuyo, ndipo likagona mumalimva m'mwendo.

Chomaliza, chimene sichifuna ndalama: wina akhale pampando aponde ndi mphamvu zonse, inu muyang'ane master cylinder ndi tochi. Ikamasuntha kapena kugwedera, ndiye kuti mbale imene yamangidwapo ikupindika. Pa ma chassis ambiri opangira kunyumba mbale imeneyi imakhala yopyapyala. Iwonjezereni ya 3mm ndi zogwiriziza zopita ku machubu a chassis.

Chitsulo_cha_Njanji

Ndikugwirizana ndi MayiWaGalaja kuti madisiki, mapadi ndi madiramu zitsogole. Pa njira ziwiri za a Sipanala17, ine ndingatsamire ku master cylinder ya 19.05mm ngati pedulo yanu ndi yomangidwa pansi, chifukwa kusuntha silinda ndi 18mm pamenepo nthawi zambiri kumaigunditsa ndi chubu cha chassis kapena mbale yapansi. Ma tandem a 19.05mm, ma silinda a mbali ziwiri zotumiza mafuta padera kutsogolo ndi kumbuyo, amapezeka, ena ochokera ku magalimoto akale a Fiat, ena atsopano kwa ogulitsa zida za ma kit car. Musakhulupirire zolembedwa pa malonda zokha, funsani bore yeniyeni (kukula kwa bowo lake) ndi stroke yake (ulendo wa pisitoni). Koma pali zinthu zingapo zimene zimapweteka anthu posintha, ndipo zina ndi zoika moyo pachiswe.

Yoyamba ndi kuchuluka kwa mafuta amene silinda ingakankhe. Mapisitoni awiri a 54mm pamodzi ali ndi nkhope ya 4580mm². Onse akayenda 1mm yokha amamwa 4.6cc. Tsopano tiyerekeze mbali imodzi ya tandem ili ndi ulendo wa 15mm: ya 22.2mm ikankha 5.8cc, ya 19.05mm ikankha 4.3cc yokha. Zinthu zikakhala bwino mapisitoni a caliper amayenda pang'ono kwambiri, kachigawo chabe ka milimita, ndiye zimakwana ndi kutsala. Koma beringi ya tayala ikakhala yolewa kapena disiki ikamavina, disikiyo imakankhira mapisitoni mkati pokhota. Akabwerera ndi theka la milimita lokha, kuponda kotsatira kumafuna 2.3cc kungotseka mpata, kutanthauza 8mm pa pisitoni ya 19.05, ndi 28mm pa phazi lanu buleki isanayambe n'komwe. Ndiye silinda yaing'ono imafuna kuti maberingi, madisiki ndi mashuzi zikhale mwa ndondomeko nthawi zonse.

Yachiwiri ndi yofunika kuposa zonse. Tandem inapangidwa kuti paipi imodzi ikaphulika mbali inayo igwirebe. Koma kuti igwire, pisitoni ya mbali yophulikayo iyenera kuyenda ulendo wake wonse kaye, ndipo pedulo imatsika kwambiri. Ngati pedulo ikugunda chitsulo chakutsogolo silinda isanamalize ulendo wake, ndiye kuti chitetezo chimenechi mulibe. Yesani galimoto itaima: ikani kapaipi pa nipulo ya caliper imodzi, muitsegule, mupondereze pang'onopang'ono. Pedulo itsika kenako iyenera kulimba isanafike pansi, matayala akumbuyo atagwidwa. Tsekani nipulo phazi likadali pansi, mubulide, kenako muchite zomwezo kumbuyo. Izi zikukhudzanso njira yoboola pedulo: silinda ya ulendo wa 30mm pa pedulo ya 5 imafuna 150mm ya malo opondera, pamene pa 3.5 imafuna 105mm. M'kamphako ka mapazi ka Seven 150mm siipezeka mwachisawawa. Yezani musanaboole.

Yachitatu ndi mazinga. Zida za Ford za nthawi imeneyo ndi M10x1. Ma silinda ena, makamaka a mtundu wa Girling, ndi 3/8 UNF. Nati ya 3/8 UNF imalowa m'bowo la M10x1 ndipo imaoneka ngati yamanga, koma imakhala yolewa ndipo imatha kusololoka presha ikakwera. Yesani ndi zala: yoyenera imalowa mosalala popanda kugwedera. Yang'ananinso pansi pa bowo ndi tochi. Likakhala lolowa mkati ngati mbale limafuna paipi ya mutu wotukuka wa bubble flare, likakhala ndi kansonga kotulukira limafuna double flare. Mukasemphanitsa, pamadontha ngakhale mumange chotani.

Yachinayi ndi pushrod. Pedulo ikabwerera, pisitoni iyenera kubwerera mpaka kumapeto kuti itsegule kabowo kopita ku thanki ya mafuta. Siyani mpata wa pafupifupi 1mm pa pushrod. Mukaimanga yothina, mafuta akatentha amasowa kothawira, mabuleki amayamba kudzigwira okha pakatha mamailosi ochepa, madisiki n'kupsa. Pakhalenso choimitsa pedulo kumbuyo kuti pushrod isasololoke m'silinda phazi likaikoka.

Silinda yatsopano muibulide kaye pa vice isanalowe m'galimoto: timapaipi tifupi kuchokera m'mabowo otulukira kubwerera m'thanki, mukankhe pang'onopang'ono mpaka thovu lithe. Ngati silinda ili pansi kuposa ma caliper, thanki yake muiike pamwamba ndi hosi yopangidwira brake fluid, osati ya petulo, chifukwa ya petulo imatuluka thukuta. Pedulo ikamakhalabe yotsika pakuponda koyamba galimoto itakhalitsa, pali ma residual valve, osunga presha pang'ono m'mapaipi: ya 2 psi ndi ya madisiki, ya 10 psi ndi ya madiramu. Musaike ya 10 psi kutsogolo, mapadi azikhuza. Mafuta pitirizani ndi DOT 4 ya m'botolo losatsegulidwa kale. DOT 5.1 imasakanikirana nayo, koma DOT 5 ndi ya silicone, imeneyo ayi.

Za IVA, imene inalowa m'malo mwa mayeso akale a SVA mu 2009 ndipo amayendetsa ndi a DVSA, bungwe la boma loyesa magalimoto: amaika galimoto pa ma roller, amayeza mphamvu ya phazi ndi chida chomangirira pa pedulo, ndipo mphamvu yoimitsa ya buleki yaikulu, ya phazi, iyenera kufika 60 peresenti ya kulemera kwa galimoto. Amaonetsetsanso kuti akumbuyo asaloke akutsogolo asanaloke. Dziwani kuti kusintha saizi ya tandem kapena kuboola pedulo sikusintha kagawidwe ka kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa mbali zonse zimalandira presha yofanana. Chimene chisinthe ndi choti madiramu a mainchesi 9 mukawakonza ayamba kugwira zenizeni, ndipo pa galimoto yopepuka chonchi akhoza kupitirira. Akayamba kuloka akumbuyo, njira yaukhondo ndi kuika ma wheel cylinder a bore yaing'ono. Nyali yochenjeza kuti mafuta atsika nayo iyenera kugwira ntchito, ndiye silinda yatsopano ikhale ndi thanki yokhala ndi sensa. Buku la oyesa limapezeka pa intaneti kwaulere, werengani gawo la mabuleki la chaka chino musanagule valavu iliyonse yosinthika.

Nyundo_Leeds

Mwandithandiza kwambiri nonse. Madisiki ndi mapadi ndaitanitsa, ndipo ndatsegula madiramu: kumanzere pisitoni imodzi yamatirira monga munanenera mayi. Funso lotsiriza. Kodi ndikanangogula ma caliper a mapisitoni anayi ndi pedal box ya ma silinda awiri ndi balance bar, kachitsulo kogawa mphamvu ya pedulo pakati pa ma silinda awiriwo, sizikanatha zonsezi kamodzi?

Sipanala17

Sizikanatha zokha, achimwene, ndipo pali misampha iwiri ya masamu pamenepo.

Powerengera caliper, timawerenga mapisitoni a mbali imodzi yokha. Caliper yotsetsereka ya pisitoni imodzi ya 54mm imafinya chimodzimodzi ndi ya mapisitoni awiri oyang'anizana a 54mm monga M16 ya Cortina: zonse ndi 2290mm². Caliper ya mapisitoni anayi a 35mm, saizi yofala pa ma kit car, ili ndi awiri mbali imodzi, pamodzi pafupifupi 1930mm². Ndi yochepa ndi 16 peresenti kuposa ya Sierra imene muli nayo. Pa presha yomweyo imafinya mochepa, ndiye pedulo ikanalemeranso pokhapokha disiki itakula kapena mapadi atakhala oluma kwambiri. Ubwino wake uli pena: ndi yopepuka, siipindika, ndipo padi imadyeka mofanana. Zimenezo n'zofunika pa bwalo la mpikisano, koma si mankhwala a vuto lanu.

Pa ma silinda awiri, mphamvu ya pedulo imagawika. Mu tandem, 2000N yonse (40kg pa pedulo ya 5) imakankha nkhope imodzi ndipo mbali zonse zimalandira presha yonseyo. Pa balance bar ili pakati, silinda iliyonse imalandira 1000N yokha. N'chifukwa chake masaizi ake amakhala aang'ono: 0.700 inchi ili ndi 248mm² ndipo ipereka 40 bar, 0.625 inchi ili ndi 198mm² ndipo ipereka 50 bar. Munthu akaika awiri a 0.750 poganiza kuti akufanana ndi tandem ya 19.05mm, amapeza 35 bar pamene amayembekezera 70. Yaing'ono imapita kumene mukufuna presha yambiri, kawirikawiri kutsogolo. Balance bar imafunanso mpata pang'ono pakati pa ma clevis (timafoloko togwira ma pushrod) ndi chubu cha pedulo kuti izipendekeka momasuka, apo ayi mbali imodzi ikalimba inzake imalephera kumaliza ulendo. Ndipo ku IVA safuna kuti ikhale yosinthika mwachisawawa, iyenera kutsekedwa motsatira zimene buku lawo likunena.

Popeza mwapeza pisitoni yomatirira, sinthani ma wheel cylinder onse awiri pamodzi, a bore yofanana, ndipo mashuzi ngati anyowa ndi mafuta musawatsuke, tayani. Mukamanga zonse ndi kuzoloweretsa mapadi, bwerekani geji ya presha yofika 100 bar kapena kuposa, yokhala ndi adaputa yolowa pa bowo la nipulo. Muimange pa caliper yakutsogolo, mupondereze mmene mungapondere mumsewu mwadzidzidzi, muwerenge, kenako muchite chimodzimodzi kumbuyo. Manambala awiriwo akhale oyandikana ngati palibe valavu pakati. Mukapeza kuti kutsogolo kukufika 35 mpaka 40 bar ndipo matayala ayamba kuloka koma mwendo ukuvutikabe, ndi pamene musankhe pakati pa bowo la 42mm ndi silinda ya 19.05mm. Mubwere ndi manambala amenewo pamodzi ndi mtunda wochokera popondera kufika pa chitsulo chakutsogolo, tidzaone imene ikukwana m'galimoto yanu.